Nkhoko za m'kondensa: mmene mungazidziwire ndi kuzichotsa

Amene amayang'anira makina opangira ayisi kapena zipinda zoziziritsira nsomba kuno ku Mangochi amaidziwa bwino nyengo ya Okutobala ndi Novembala. Dzuwa limaswa mtengo, a geni ya chambo ndi usipa amafuna ayisi wambiri, ndiye mpamene geji ya kompuresa imakwera, makina n'kumazima okha masana. Ambiri amathamangira kunena kuti gasi wachepa kapena kompuresa yakalamba. Kawirikawiri vuto silikhala kumeneko. Limakhala m'kondensa, m'machubu odutsa madzi, momwe mwamera zimene tizitchule kuti nkhoko, monga zija zimatsalira mumphika wa nsima.

Kondensa, yomwe imaziziritsa gasi wotentha wochokera mu kompuresa mpaka asanduke madzi, ndi mtundu umodzi chabe wa zipangizo zomwe akatswiri amazitcha heat exchanger. Ntchito yake n'njosavuta kuimvetsa: mbali imodzi kumadutsa chinthu chotentha, mbali inayo chozizira, pakati pali khoma lopyapyala lachitsulo, ndipo kutentha kumawoloka khomalo zinthu ziwirizo osasakanikirana. Radiyeta ya jenereta, choziziritsira oyilo wa injini ya boti, giza ya m'malo ogona alendo, boilara ya kuchipatala, zonsezi ndi za banja limodzi. M'mafakitale mumapezeka kwambiri mitundu iwiri: ya chigubu chachitsulo chodzaza machubu, ndi ya mapuleti opyapyala opanikizidwa pamodzi ndi mabawuti, okhala ndi gasiketi pakati.

Chifukwa chimene kankhoko kochepa kamagwetsera makina aakulu chimaoneka pa manambala awa. Kopa amadutsitsa kutentha pafupifupi 390 W/mK (nambalayi ikakula, ndiye kuti kutentha kukudutsa mosavuta), chitsulo wamba pafupifupi 50, stainless steel pafupifupi 16. Laimu wouma m'paipi, nkhoko zoyera zija zonga za m'ketulo, amadutsitsa pakati pa 1 ndi 3 basi, pomwe ndere zoterera zimadutsitsa pafupifupi 0.6, mofanana ndi madzi ongokhala. Tanthauzo lake n'lakuti milimita imodzi ya laimu imatchinga kutentha ngati khoma lachitsulo la mamilimita 25. Ndipo theka la milimita ya ndere, zomwe mungazipukute ndi chala, limatchinga kuposa milimita imodzi ndi theka ya laimu wolimba. Pachifukwa ichi mmisiri akhoza kutsegula kondensa, n'kusuzumira, n'kunena kuti muli bwinobwino, pomwe mdani ali pomwepo akunyezimira.

Madzi anu achokera kuti?

Funso loyamba ndi limeneli, popeza nkhoko sizifanana ndipo mankhwala ake safanananso.

Madzi a m'nyanja ya Malawi ndi a mu Shire alibe mchere wambiri, koma ndi ofunda. Pamwamba pa nyanja amakhala pa madigiri 23 kapena 24 m'nyengo ya mwera, n'kufika 28 kapena 29 m'chilimwe. Kufunda kumeneku n'komwe tizilombo tosaoneka ndi maso timakonda. Timamatirira kukhoma la chubu, n'kutulutsa zoterera, zotererazo n'kumakola matope ndi mchenga. Mwera ukawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mafunde amavundula pansi, ndipo mvula ikayamba mitsinje yochokera kumapiri imabweretsa dothi. Amene amapopa mu Shire kapena kufupi ndi Malombe amalimbananso ndi mizu ya namasupuni, tinkhono ndi mapulasitiki. Choncho kwa ogwiritsa ntchito madzi a m'nyanja adani akulu ndi ndere ndi matope, laimu amabwera pambuyo.

Madzi a pamjigo ndi nkhani ina. Mijigo ina ya m'chigwa chino imatulutsa madzi osachita thovu ndi sopo, ena omveka mchere pakamwa. Mumakhala calcium ndi magnesium wosungunuka. Shuga amasungunuka kwambiri m'madzi otentha, koma calcium carbonate amachita zosiyana: madzi akamatentha m'pamene amatuluka n'kuuma. Ndiye amasankha malo otentha kwambiri, omwe ndi khoma lenileni limene mukufuna lidutsitse kutentha. Khomalo likapitirira madigiri 50 kapena 60 nkhoko zoyera zimakula msanga, monga muonera m'ketulo.

Pali dzimbiri, lomwe limamera pachitsulo chenichenicho kapena kubwera kuchokera m'mapaipi akale. Palinso nkhoko za mbali inayo, yomwe anthu amaiiwala: oyilo wa kompuresa wopaka kunja kwa machubu, makamaka pa makina omwe gasi wake ndi amoniya poti amoniya sasakanikirana ndi oyilo wamba, mafuta ndi zotsalira za nsomba kapena mkaka zopsereera pa mapuleti.

Kuyeza musanamasule bawuti

Zofunika ndi zochepa: kutentha kwa madzi polowa ndi potuluka, kutentha kwa mbali inayo, puresha ya madzi polowa ndi potuluka, ndi kuchuluka kwa madzi odutsa. Zilembedwe m'kope tsiku lililonse pa ola lomwelo, makina akugwira ntchito yofanana. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Chomwe chimaulula matenda ndi mmene manambala akusunthira pa masabata angapo.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha kondensa ya amoniya yokhala ndi machubu a masikweya mita 25. Madzi akulowa pa madigiri 27, akutuluka pa 32, ndipo akudutsa malita 30,000 pa ola, kutanthauza makilogalamu 8.3 pa sekondi. Ngati mulibe mita, tcherani diramu ya malita 200 potulukira madzi: iyenera kudzaza m'masekondi 24. Kutentha komwe madziwo akunyamula ndi 8.3 kuchulukitsa ndi 4.18 kuchulukitsanso ndi 5, zomwe zikupereka pafupifupi makilowati 174.

Kondensayi ili yoyera, amoniya akusanduka madzi pa madigiri 36, geji ikuonetsa pafupifupi 13 bar. Kusiyana kwa kutentha ndi madigiri 9 polowera madzi ndi 4 potulukira. Pakati pake, powerengera mwa njira ya LMTD, yomwe akatswiri amapezera avereji ya kusiyana kuwiriku, ndi 6.2. Mukagawa mawati 174,000 ndi 25 kuchulukitsa 6.2 mupeza nambala yotchedwa U, yoonetsa mmene kondensa ikudutsitsira kutentha, yomwe apa ndi pafupifupi 1,130 W/m²K. Patapita miyezi, madzi akulowabe pa 27 n'kutuluka pa 32, koma amoniya tsopano akufuna madigiri 41, geji yafika pafupi ndi 15 bar. Kusiyana kwakhala 14 ndi 9, pakati pake 11.3, ndipo U watsika kufika pafupifupi 615. Mphamvu ya nkhoko yotchinga kutentha imapezeka pochotsa 1/1,130 pa 1/615, yankho lake ndi pafupifupi 0.00074 m²K/W. Bungwe la opanga zipangizozi la TEMA limapereka 0.00018 ngati mlingo woyembekezeka pa madzi a cooling tower (nsanja yoziziritsira madzi ndi mphepo kuti agwiritsidwenso ntchito) othiridwa mankhwala, ndi kuyambira 0.00035 pa madzi a mumtsinje. Kondensa yathuyi yapitirira kawiri mlingo wa madzi a mumtsinje.

Madigiri asanu amenewa ndi ndalama. Digiri iliyonse yowonjezereka pa kondensa imadya magetsi a kompuresa pafupifupi 2 kapena 3 pa 100 alionse, ndiye apa mukulipira 10 mpaka 15 pa 100 pamwamba, kwinaku ayisi akutuluka wochepa. Tsiku limene magetsi azima n'kuyatsa jenereta, kutayako kumakhala kwa dizilo.

Amene sakonda masamu angathe kungoyang'anira chinthu chimodzi: mpata wa pakati pa kutentha kwa gasi wosanduka madzi ndi kutentha kwa madzi otuluka. M'chitsanzo chathu mpatawo wachoka pa 4 kufika pa 9. Koma samalani ndi zoyezera. Ngati madzi amakwera ndi madigiri 5 okha, ndipo choyezera chilichonse chikunama ndi theka la digiri, masamu onse angaphonye ndi 20 pa 100. Gwiritsani ntchito choyezera chimodzi pa malo onse awiri, kapena muziviike zonse m'chidebe chimodzi cha madzi muone ngati zikugwirizana.

Si geji iliyonse yokwera yomwe ikutanthauza nkhoko, ndipo apa mpamene ndalama zambiri zimatayika pogula asidi wosafunika. Madzi amene kale ankakwera ndi madigiri 5 akayamba kukwera ndi 8 kapena 9, ndiye kuti akudutsa ochepa: yang'anani sefa, futuvavu (vavu ya kumapeto kwa paipi yotungira madzi m'nyanja) ndi impela ya pampu yomwe mchenga umaidya. Puresha ya madzi ikamatsika kwambiri pakati pa polowa ndi potuluka, ndipo zachitika mwadzidzidzi, kukamwa kwa machubu kwatsekeka ndi zinyalala. U akatsika koma puresha osasintha kwenikweni, ganizirani ndere zopyapyala kapena oyilo. Zonse ziwiri zikamaipa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ameneyo ndi laimu: chubu cha mamilimita 20 chikamera milimita imodzi kuzungulira chimatsala ndi 18, ndipo kukankha madzi ofanana kumafuna puresha yoposa ndi pafupifupi 70 pa 100. Palinso chodabwitsa china: kusiyana kwa puresha kukachepa pomwe kuziziritsa kwaipa, gasiketi yogawa njira za madzi m'chivindikiro yang'ambika kapena chitsulo chogawacho chadyeka, madzi akungodutsa chidule osalowa m'machubu.

Mpweya wolowa m'makina umakwezanso geji ngati nkhoko. Kuti musiyanitse, zimitsani kompuresa koma madzi azidutsabe kwa ola limodzi kapena kuposa, mpaka kutentha kwa polowa ndi potuluka kufanane. Madziwo akakhala pa madigiri 27, geji ya amoniya iyenera kukhala pafupi ndi 9.7 bar. Ikakhala pamwamba moonekeratu, muli mpweya, ndipo chofunika ndi kuutulutsa, osati kutsuka.

Mukatsegula

Musanatsire madzi palani nkhoko zidakali zonyowa, kuchokera polowera ndi potulukira, muziike m'mabotolo osiyana. Ndere zikauma zimasanduka kafumbi, munthu n'kuganiza kuti munalibe kanthu. Kenako ziyeseni pomwepo. Zoterera pa zala ndi zamoyo. Zikakhala zakuda pansi pake n'kumanunkha ngati dzira lovunda, muli tizilombo todya sulphate, ndipo pansi pa zakudazo chitsulo chimakhala chitakumbika timaenje. Machubu amenewo afunika kuyezedwa asanaone asidi. Zokhakhala pakati pa zala ndi mchenga. Dontheza viniga kapena asidi wosungunula: zikachita thovu ndi calcium carbonate. Zoyera, zolimba, koma zosachita thovu zikhoza kukhala calcium sulphate kapena silica, ndipo izi asidi wamba saziphula kanthu, zimafuna kupala kapena madzi a puresha yaikulu. Zomamatira ku maginito ndi zachitsulo. Zopsa n'kuda mukaziika pamoto ndi mafuta kapena zotsalira za chakudya.

Nthawi zambiri mupeza zosakanikirana, mizere mizere, ndipo dongosolo lotsukira liyenera kutsata mizereyo: zoterera ndi zamafuta zichoke kaye, chifukwa asidi saboola ndere, amangoterereka pamwamba.

Kutsuka

Pa kondensa ya machubu owongoka, burashi ya nayiloni yomangirira ku ndodo, madzi akuyenda, imachotsa ndere ndi matope bwino kuposa mankhwala alionse. Burashi ikhale yolingana ndi chubu, ndipo chubu chilichonse chichongedwe kuti pasadumphidwe china. Chitsulo chosongoka kapena waya wa konkire asalowe m'chubu; mkwasa umodzi ndi pomwe dzimbiri lidzayambire.

Pa ya mapuleti, musanamasule yezani ndi kulemba kutalika kwa mpukutu wonse wa mapuleti utapanikizidwa, pa bawuti iliyonse, ndipo jambulani mzere wopendekera ndi penti m'mbali mwake kuti pobwezera puleti iliyonse ibwerere pamalo pake. Masulani ndi kumanga mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono. Burashi ya waya wachitsulo isakhudze stainless steel. Pomanga musapitirire muyezo munalemba uja pofuna kuletsa kudontha. Mukatero mumaphwanya mapuleti, pomwe chofunika chinali gasiketi yatsopano. Gasiketi ya EPDM imafufuma ikakumana ndi oyilo, pamenepo pamafunika ya NBR.

Kutsuka ndi mankhwala osamasula kumafuna thanki yapulasitiki yosatseka pamwamba, pampu yopirira asidi ndi mapaipi awiri. Madzi aziyenda mobwerera, kulowera komwe amatulukira masiku onse, ndipo ngati pampu ingathe, pa liwiro loposa la nthawi zonse ndi theka. Pa mafuta ndi zotsalira za chakudya, caustic soda wa 1 kapena 2 pa 100 pa madigiri 60 mpaka 80 amagwira ntchito pa stainless steel, koma amadya aluminiyamu. Pa laimu, sulphamic acid wa 5 mpaka 10 pa 100 wokhala ndi mankhwala otchinjiriza chitsulo ndiye wofatsa, ndipo asapitirire madigiri 60. Citric acid amathandiza pa dzimbiri. Hydrochloric acid, yemwe amagulitsidwa wotsukira simenti ndi matailosi, asayandikire stainless steel ngakhale pang'ono, popeza chloride amaboola timabowo tomwe timadzaonekera patapita miyezi. Nitric acid amadya kopa. Asidi aliyense amasenda zinki wa mapaipi a galvanised. Pa kondensa yomwe muli gasi, mankhwala asatenthe kupitirira madigiri 40, ndipo vavu yotetezera puresha isatsekedwe.

Cholakwika chofala ndi kuchepetsa asidi. Tibwerere ku kondensa ija: ngati 0.00074 yonse ndi laimu, ndiye kuti wakhuthala pafupifupi milimita imodzi ndi theka pa masikweya mita 25, komwe ndi makilogalamu 75 kapena kuposa. Kilogalamu imodzi ya calcium carbonate imadya pafupifupi makilogalamu awiri a sulphamic acid. Mukufunika makilogalamu 150, osati ndowa imodzi. Asidi wochepa amangofewetsa nkhoko, zibenthu n'kugwa n'kutseka machubu, makina n'kuipa kuposa kale. Laimu yemweyo akamasungunuka amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wokwana pafupifupi makyubiki mita 18, n'chifukwa chake thanki isatsekedwe. Yezani pH (muyezo wa ukali wa asidi; nambala ikachepa, asidi ndi waukali) mphindi 15 zilizonse: ikakwera kupitirira 3 wonjezerani asidi, ndipo thovu likatha pH n'kukhazikika pansi kwa theka la ola, ntchito yatha, musasiye asidi agone m'makina usiku. Tsukuluzani, zungulizani soda ash wochepa, tsukuluzaninso mpaka pH ya madzi otuluka ifanane ndi ya olowa. Posakaniza, asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Magalasi a m'maso ndi magolovesi avalidwe. Klorini ndi asidi asakumane, chifukwa mpweya wake umapha.

Madzi otsukirawo asapite kunyanja kapena mu Shire. Athiridwe laimu kapena soda ash m'thanki mpaka pH ifike pakati pa 6 ndi 9, matope akhazikike, kenako atayidwe motsata malamulo a zachilengedwe. Pagombe pomwe paipi yanu imathera mpomwe ana amasamba ndi pomwe tiana ta chambo timakulira.

Kuchedwetsa kubweranso kwake

Liwiro la madzi ndilo mankhwala otsika mtengo kuposa onse. M'machubu madzi aziyenda mamita 1.5 mpaka 2.5 pa sekondi. Akatsika pansi pa mita imodzi, matope amakhala pansi ndipo ndere zimagwira mizu. Akathamanga kwambiri, makamaka ali ndi mchenga, amasenda kukamwa kwa machubu a kopa. Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kugula kondensa yaikulu mopitirira poganiza kuti ndi chitetezo, pomwe madzi omwewo akagawika m'machubu ambiri amayenda mwaulesi. Wachiwiri ndi kupana vavu ya madzi mu Juni ndi Julaye poti kwazizira. Ndi bwino kubweza ena mwa madzi otuluka kuti alowenso, liwiro likhalebe lomwelo.

Potungira madzi m'nyanja, futuvavu ikwezedwe pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, ikhale kutali ndi pomwe mafunde amaswekera ndi pomwe mtsinje umathirira. Pakhale thanki yoti matope adikhe, kenako masefa awiri oyandikana kuti mutsuke imodzi inayo ikugwira ntchito. Mpata wa pakati pa mapuleti umangokhala mamilimita 2 mpaka 5, choncho sefa yake ikhale ya mabowo osapitirira milimita imodzi kapena awiri. Komwe ndalama zilipo, njira yabwino ndi kuika heat exchanger ya mapuleti yosavuta kumasula pakati pa madzi a m'nyanja ndi makina odula, kuti m'makinamo muzizungulira madzi oyera okhaokha.

Pa cooling tower, madzi amauluka ngati nthunzi koma mchere umatsala. Makilowati 174 amauluza pafupifupi malita 260 pa ola. Yezani conductivity (muyezo woonetsa kuchuluka kwa mchere) ya madzi a m'thanki, mugawe ndi ya madzi owonjezera. Yankho lisapitirire 3 mpaka 5, ndipo pa madzi a pamjigo olemera likhale kumunsi kwake. Kuti likhale pa 4, muyenera kumataya dala malita 260 kugawa ndi 3, pafupifupi malita 87 pa ola. Vavu yotayira imeneyi ndi yomwe anthu amakonda kutseka poona ngati madzi akuwonongeka, ndipo pakatha miyezi ingapo machubu amakhala atayera mbuu. Amene akufuna kudziwiratu ngati madzi ake adzabala laimu kapena adzadya chitsulo atumize botolo ku labotale kuti amuwerengere Langelier index, njira yomwe Wilfred Langelier anaifalitsa mu 1936: nambala yoposa ziro ikuloza ku laimu, yochepera ziro ikuloza ku dzimbiri.

Klorini wotsala wa 0.5 mpaka 1 mg pa lita amaletsa ndere m'madzi ozungulira, koma mphamvu yake imadalira pH. Pa 7.5 theka lake ndilo limagwira ntchito, pa 8.5 limodzi mwa magawo khumi lokha. Madzi a nyanja yathu ali kale cha pa 8 kapena kupitirira, ndipo mu cooling tower pH imakweranso, choncho mankhwala a bromine amachita bwino kuposa klorini. Klorini waufa wa HTH amawonjezera calcium m'madzi, zomwe sizithandiza amene akulimbana kale ndi laimu. Madzi ongodutsa kamodzi n'kubwerera kunyanja asathiridwe klorini wopanda njira yomuchotsera, poti amapha nsomba ngakhale ali wochepa kwambiri. Ndere za mu cooling tower zimasunganso Legionella, kachilombo koyambitsa chibayo choopsa komwe kanadziwika pambuyo pa mliri wa ku Philadelphia mu 1976 ndipo kamaswana m'madzi a madigiri 20 mpaka 45. Eni malo ogona alendo adziwe kuti giza iyenera kusunga madzi pa madigiri 60 chifukwa cha kachilomboka, ngakhale kutentha komweko kumabala laimu. Yankho ndi kufewetsa madzi ndi kutsuka giza, osati kutsitsa kutentha.

Magetsi akazima kwa maola ambiri, kapena makina akaima nyengo yotseka usodzi, madzi ofunda ongokhala m'machubu amaola msanga. Makina akati aime kupitirira masiku awiri kapena atatu, khuthulani madzi a m'nyanja, tsukuluzani ndi madzi oyera, musiye motseguka kuti muume. Apo ayi muziyendetsa pampu kwa kanthawi tsiku lililonse.

Makondensa oziziritsidwa ndi mphepo ndi maradiyeta a jenereta nkhoko zawo zimakhala kunja: fumbi la chilimwe, mankhusu a kuchigayo, tizilombo tobwera ndi kuwala kwa usiku, zonse zomatidwa ndi kaoyilo kodontha. Walitsani tochi kuseri kwake. Pomwe kuwala sikukutuluka, mphepo sikudutsanso. Tsukani ndi madzi a puresha yochepa kuchokera mbali yotulukira mphepo, molunjika, kuti timapepala ta aluminiyamu tisapindike. M'kati mwa radiyeta muzilowa coolant wosakaniza ndi madzi oyera owonjezera mu batire aja (distilled water, osati asidi) kapena a mvula osefa, osati a pamjigo.

Mukamaliza kutsuka kwa mtundu uliwonse, yesani ngati machubu kapena mapuleti sakudontha musanabwezeretse makina pa ntchito. Pa amoniya, pH ya madzi otuluka ikakwera kuposa ya olowa ndiye kuti chubu china chabooka ndipo chiyenera kutsekedwa mbali zonse ziwiri ndi zotsekera zachitsulo, osati za kopa kapena brass zomwe amoniya amadya. Tsiku lomwelo makina akakhazikika, lembani manambala onse aja pa tsamba latsopano. Ngati mpata wa madigiri sunabwerere pafupi ndi 4 wa poyamba uja, pomwe m'makina mulibe mpweya, mbali ya madzi yayera koma ya gasi idakali ndi oyilo, ndipo chotsatira ndi kukhetsa oyiloyo pansi pa kondensa ndi pa risiva (thanki yosungira gasi wosanduka madzi) n'kuona chifukwa chake cholekanitsira oyilo cha kompuresa chikumulola kudutsa.